Uchi wa Mtondo Kapena wa Mpendadzuwa: Wodwala Shuga Adye Uti?

Nyengo yozizira ikafika, m'misika ya ku Katete ndi ku Sinda komanso m'mbali mwa msewu wa Great East mumachuluka mabotolo a uchi. Wina wakuda bii, wina wofiirira, wina woundana pansi pa botolo. Wogulitsa akangomva kuti wogula ali ndi matenda a shuga, yankho amakhala nalo kale: uwu ndi wa m'thengo, wosasakaniza, sukweza shuga. Ambiri amanena zimenezi ndi mtima woona, poti nawonso ndi zomwe anamva. Koma mawu amenewa angathe kumugoneka munthu m'chipatala.

Mu magalamu 100 a uchi, pafupifupi 80 ndi shuga ndipo 17 ndi madzi. Mavitamini ndi michere ina imene anthu amaitama imapezekamo pang'ono zedi. Shuga wa mu uchi ndi wa mitundu iwiri makamaka: fructose, amene amakhala pafupifupi magalamu 38, ndi glucose, magalamu 31. Shuga wa nzimbe wochokera ku Nakambala uja naye akafika m'matumbo amagawikana n'kusanduka mitundu iwiri yomweyi. Supuni imodzi yaikulu ya uchi ili ndi magalamu 17 a shuga, ndipo magazi safunsa ngati anachokera mumng'oma kapena m'paketi.

Komabe amene amati uchi umasiyana sanama. Glucose amalowa m'magazi mwachangu, pamene fructose amayamba wadutsa kuchiwindi, choncho sakweza shuga wa m'magazi msanga. Maluwa ena amapatsa njuchi timadzi tokhala ndi fructose wambiri, ena tokhala ndi glucose wambiri. M'chaka cha 1981 Dr David Jenkins ndi anzake ku yunivesite ya Toronto anakonza muyezo woonetsa mmene chakudya chimakwezera shuga, umene masiku ano umadziwika kuti GI. Pa muyezowu glucose ali pa 100, shuga wa mu tiyi ali cha pa 65, ndipo uchi wamba uli cha pa 60.

Kusiyana kumaonekera munthu akayeza uchi wa duwa limodzilimodzi. Uchi wa mtengo wa robinia, umene ku Ulaya amaugulitsa ndi dzina lakuti acacia, unapezeka pa 32. Ku Australia uchi wa mtundu wina wa bulugamu wotchedwa yellow box unali pa 35, koma wina wosakaniza wa m'sitolo unafika pa 72. Ziwerengero zimenezi ndi zimene otsatsa malonda amakonda kutchula. Chimene satchula n'chakuti mu 2006 ofufuza a ku San Diego, ku America, anayeza mitundu inayi ya uchi, n'kupeza kuti yonse inali pakati pa 69 ndi 74, ngakhale umene unali ndi fructose wochuluka. Umodzi mwa mitundu inayiyo unali uchi wa maluwa a thonje, mbewu imene mlimi aliyense wa ku Katete ndi ku Sinda amaidziwa, ndipo unali pafupifupi pa 74, kuposa shuga wa mu tiyi.

Nanga uchi wa kuno kwathu? Njuchi za m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi zili ndi minda iwiri. Woyamba ndi thengo la miombo. Mitengo ya mombo imachita maluwa m'nyengo yotentha, ndipo uchi wake umafulidwa mvula ikamayamba. Mtondo umachita maluwa mvula ikamatha, uchi wake n'kufulidwa m'nyengo yozizira. Munda wachiwiri ndi wa anthu: mpendadzuwa, thonje, maungu, mango. Njuchi imatha kuuluka makilomita awiri kapena atatu pofuna maluwa, ndipo sidziwa malire. Mng'oma wopachikidwa m'phiri ku Vubwi, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, ukhoza kulandira timadzi ta mtondo m'mawa ndi ta mpendadzuwa masana. Kenaka wofula amasonkhanitsa zisa za ming'oma ingapo mu chidebe chimodzi. Ngakhale bungwe la COMACO, limene limagawira alimi a m'chigawo cha Kum'mawa ming'oma n'kumagula uchi wawo kuti liugulitse pansi pa dzina lakuti It's Wild!, limasonkhanitsa uchi wa alimi ambiri. Ndi uchi weniweni, ndipo ukuthandiza kuti mitengo isathe ndi makala. Koma palibe angaloze botolo lotere n'kunena kuti nambala yake ndi 35 kapena 70.

Maso amathandizako pa chinthu chimodzi chokha. Uchi wokhala ndi glucose wambiri umaundana msanga, n'kukhala ngati wathiridwa mchenga. Wa mpendadzuwa ndi wa thonje umatero patangopita masabata ochepa, ndipo ogula ambiri amaukana poganiza kuti wasakanizidwa ndi shuga. Kumeneko n'kuwalakwira alimi a njuchi, chifukwa kuundana si umboni wa chinyengo. Kwa wodwala shuga, komabe, ndi chenjezo lakuti uchi umenewo ungakweze shuga mofulumirirapo kusiyana ndi umene umakhala wamadzimadzi miyezi yambiri. Mtundu wa uchi, kuda kapena kuyera kwake, sunena kanthu pa nkhani ya shuga wa m'magazi. Kuwawira kwa uchi wina wa m'thengo nakonso sikutanthauza kuti mulibe shuga.

Pali uchi winanso umene akuluakulu amaupatsa ulemu wa mankhwala, wa tinjuchi tosaluma tija tomanga m'mphako kapena pansi. Mu 2020 ofufuza a ku yunivesite ya Queensland anapeza kuti uchi wa tinjuchi totere wa ku Australia, Malaysia ndi Brazil uli ndi shuga wosowa wotchedwa trehalulose, amene amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Nkhaniyi ndi yosangalatsa, ndipo ofufuza a ku yunivesite ya Zambia angachite bwino kubwera kudzayeza wa kuno. Koma tinjuchi timene tinayezedwato ndi ta mayiko atatu amenewo basi.

Funso lenileni ndi lakuti munthu wodwala kale akamadya uchi tsiku ndi tsiku chimachitika n'chiyani. Ku Iran mu 2009 anthu 48 odwala shuga anagawidwa pawiri, gulu limodzi n'kumapatsidwa uchi kwa masabata 8. Amene anadya uchi anatsikako thupi ndipo mafuta a m'magazi anachepa, koma muyezo wa HbA1c, umene umaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi itatu, unakwera. Mu 2022 gulu lina ku Toronto linaphatikiza zofufuza 18 za anthu oposa 1,100, n'kuona kuti uchi wosaphika ndi wa duwa limodzi unatsitsako pang'ono shuga wa m'mawa. Nyuzipepala zinalemba mokweza. Koma ambiri mwa anthu amenewo anali athanzi, ndipo ofufuzawo ananena okha kuti phindu limaoneka uchi ukalowa m'malo mwa shuga wina, osati ukawonjezedwa pamwamba.

Zonsezi zikunena za uchi weniweni. Wosakaniza ndi manyuchi a shuga ulipo dziko lonse: mu 2023 bungwe la European Union linalengeza kuti mwa zitsanzo 320 za uchi wolowa ku Ulaya zimene linayeza, 46 pa 100 zilizonse zinali zokayikitsa. Kuviika machesi mu uchi kapena kudontheza m'madzi sikugwira wakuba waluso.

Nkhaniyi si ya anthu a ku Lusaka okha. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2017 anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 6 mwa 100 m'Zambia ali ndi shuga wokwera, ndipo ambiri sadziwa. Ena amadziwa atafika ku chipatala cha St Francis ku Katete kapena cha Nyanje ku Sinda ndi bala la phazi losapola, kapena maso atayamba kuchita khungu. Munthu wotereyu amadya kale nsima ya ufa woyera kawiri pa tsiku, imene payokha imakweza shuga kwambiri, ndiye kuwonjezapo thobwa, vitumbuwa ndi tiyi. Akasiya shuga wa m'paketi n'kumathira masupuni atatu a uchi poganiza kuti ndi mankhwala, sanachepetse kalikonse. Akasiya mankhwala a metformin chifukwa cha uchiwo, ndiye wadziika pa ngozi. Bungwe la WHO mu malangizo ake a 2015 linaika uchi m'gulu limodzi ndi shuga wothira m'zakudya, ndipo limati ngakhale munthu wathanzi asapyole masupuni ang'onoang'ono 12 pa tsiku, makamaka akhale pa 6.

Mlembi wa nkhani ino sakunena kuti uchi ndi mdani. Wodwala amene shuga wake ali m'malo mwake akhoza, atakambirana ndi a chipatala, kulawa supuni imodzi yaing'ono pamodzi ndi chakudya chokhala ndi nyemba, nsawa kapena masamba, osati m'mimba mopanda kanthu. Amene ali ndi kachipangizo koyezera angayeze asanadye, n'kuyezanso patapita maola awiri. Ngati shuga wapyola 10, uchi umenewo kapena muyezo umenewo sumuyanja, kaya ndi wa duwa lanji. Ndipo pali nthawi imene uchi umapulumutsa moyo. Munthu wobaya insulin kapena womwa glibenclamide akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka chifukwa shuga watsika pansi pa 4, supuni imodzi yaikulu ya uchi imamudzutsa, malinga akutha kumeza. Wokomoka asathiridwe kanthu m'kamwa, athamangitsidwe kuchipatala. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi ngakhale pang'ono, chifukwa ungakhale ndi tizilombo topuwalitsa khanda.

Alimi a njuchi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi ali ndi katundu wabwino amene safuna bodza kuti agulike. Auzeni ogula mwezi umene uchi unafulidwa ndi maluwa amene anali pafupi, koma lekani kuwauza kuti umachiza shuga. Ndipo inu amene muli ndi kholo lodwala shuga kumudzi, musanaligulire botolo la uchi, yambani mwapita nalo kuchipatala likayezetse.