Kashembe saluma ng'ombe zokha

Ng'ombe ikayamba kuwonda, tonse timathamangira mankhwala, ngakhale ndalama zake zikhale zangongole. Koma mnyamata amene amaiweta m'thengo lomwelo akatentha thupi, timamugulira mapiritsi a malungo pagolosale n'kumuuza kuti akagone. Apa ndi pamene tikulakwa.

Kashembe, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, amayamwa magazi masana. Akayamwa mbawala kapena ng'ombe imene ili ndi kachilombo ka Trypanosoma, kachilomboko kamakulira m'thupi mwake kwa masabata pafupifupi atatu, kenako kamakhazikika m'malovu. Akaluma munthu amakalavulira pansi pa khungu, ndipo kawirikawiri pamatuluka chotupa chowawa. Kuchokera apo kamalowa m'magazi ndi kuswana. Chitetezo cha m'thupi chikangokazindikira, iko kamasintha khungu lake ngati mbala yosintha malaya, n'chifukwa chake thupi limatentha, kuleka, n'kuyambiranso. Kakafika mu ubongo, munthu amasokonezeka mutu, amagona masana n'kuchezera usiku. Ameneyo ndiye kaodzera.

Mtundu wa kuno, umene unadziwika mu 1910 mwa munthu amene analumidwa m'chigwa cha Luangwa, suchedwa: umapha m'miyezi yochepa ngati wodwala sathandizidwa.

Choncho, abale athu a ku Mambwe, Chama ndi Nyimba, akatiuza kuchipatala kuti malungo sanapezeke koma thupi likutenthabe, tisabwerere kunyumba mwakachetechete. Tinene kuti tinali kuthengo, tionetse pamene tinalumidwa, tipemphe kuti ayezenso magazi. Ndipo zovala zakuda kapena zabuluu, zimene zimakopa kashembe, tizizisiya pakhomo popita kubusa.