Kodi Mavoti a Papositi Ndiwo Anaba Chisankho cha ku America cha 2020?

Kuyambira pa chisankho cha pulezidenti wa dziko la United States cha pa 3 Novembala 2020, m'masamba a mchezo mwakhala mukuyenda mawu akuti kuvota kudzera papositi ndi khomo la akuba mavoti, ndipo kuti Joe Biden sakadamugonjetsa Donald Trump pakadapanda mapepala ovotera amene anafika m'maenvulopu. Mawu amenewa amalowa msanga m'khutu la munthu wa ku Malawi, chifukwa iye anaona ndi maso ake chisankho cha pulezidenti chikufafanizidwa ndi khothi, ndipo sangauzidwe kuti kubera chisankho ndi nthano. Komabe mawuwa ndi onama pa mfundo yake yaikulu, ndipo kuwakhulupirira popanda kuwafufuza kumaononga chinthu chomwe Amalawi anachimenyera nkhondo m'chaka cha 2019 ndi 2020, chomwe ndi kulemekeza umboni.

Choyamba kufotokozedwa ndi mmene voti ya papositi imayendera, pakuti ambiri amene amaitsutsa amaganiza kuti pepala lililonse loponyedwa m'bokosi la makalata limawerengedwa. Ku United States chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake a zisankho, koma maziko ake ndi ofanana. Pepala lovotera limatumizidwa kwa munthu yekhayo amene dzina lake lili m'kaundula wa ovota, ndipo envulopu yobwezera imanyamula chizindikiro chimene chimailumikiza ndi dzina limodzi m'kaundulamo, kotero kuti envulopu ikafika ku ofesi ya zisankho dzinalo limalembedwa kuti lavota, ndipo envulopu yachiwiri ya dzina lomwelo singalandiridwe. Wovota amasaina kunja kwa envulopuyo, ndipo m'zigawo zambiri siginechayo imafaniziridwa ndi imene anasaina polembetsa, pamene zigawo zina monga Wisconsin ndi North Carolina zimafunanso kuti mboni isaine. Envulopu ikavomerezedwa ndi pamene imatsegulidwa, pepala la voti nkulekanitsidwa ndi dzina la mwini wake kuti chinsinsi chisungike. Munthu wofuna kulowetsa mavoti abodza okwana masauzande ambiri ayenera choncho kupeza mayina enieni masauzande ambiri a m'kaundula, maenvulopu enieni, masiginecha ofanana ndi enieni, kenaka nkuyembekeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe mwa eni mayinawo amene adzabwere kudzavota tsiku la chisankho ndi kuuzidwa kuti wavota kale.

Njirayi sinayambe ndi mliri wa Covid-19. Asilikali a m'nkhondo yapachiweniweni ya ku America anavota ali kutali ndi kwawo m'chaka cha 1864, chigawo cha Oregon chinagwirizana m'chaka cha 1998 kuti zisankho zake zonse zizichitika papositi, ndipo zigawo za Washington, Colorado ndi Utah zinatsatira, pomwe Utah ndi chigawo chimene chipani cha Republican, cha Trump yemweyo, chimapambana kawirikawiri. Chimene mliri unachita ndi kuchulukitsa ovota otere kufikira oposa 40 pa anthu 100 aliwonse amene anavota.

Chimene chinakhutiritsa anthu ambiri kuti kunachitika zachinyengo ndi zomwe anaona pa kanema usiku wa chisankho, pamene Trump ankatsogola m'zigawo monga Pennsylvania koma chitsogozocho nkumatha pang'onopang'ono m'masiku otsatira. Izi zinali zitanenedweratu chisankho chisanachitike, ndipo chifukwa chake nchosavuta. Trump anali atauza omutsatira kwa miyezi yambiri kuti asamakhulupirire positi, motero ambiri a iwo anakavota pamalo ovotera, pamene otsatira chipani cha Democratic ambiri anasankha positi. Malamulo a ku Pennsylvania ndi ku Wisconsin sankalola kuti maenvulopu ayambe kutsegulidwa tsiku la chisankho lisanafike, choncho mavoti oponyedwa pamalo ovotera anawerengedwa koyamba ndipo a papositi anawerengedwa pambuyo. Kusintha kwa manambala kunachokera ku ndondomeko ya kawerengedwe, osati ku mavoti obwera ndi mdima.

Kumene kusiyana kunali kochepa, mavoti anawerengedwanso, ndipo kawirikawiri owerengetsawo anali a chipani cha Trump. Ku Georgia, kumene Biden anapambana ndi mavoti 11,779 okha, mapepala pafupifupi 5 miliyoni anawerengedwa ndi manja moyang'aniridwa ndi Brad Raffensperger, mkulu wa zisankho wa chigawocho yemwe ndi wa chipani cha Republican, ndipo wopambana sanasinthe. M'dera la Cobb m'chigawo chomwecho masiginecha a pa maenvulopu oposa 15,000 anaunikidwanso ndipo sipanapezeke voti yachinyengo. Ku Arizona, aphungu a Republican analemba ntchito kampani ya Cyber Ninjas kuti iwerengenso mavoti a dera la Maricopa, ndipo m'mwezi wa Seputembala 2021 kampaniyo inapeza kuti Biden anali ndi mavoti ochulukirapo pang'ono kuposa amene analengezedwa. Milandu yoposa 60 imene Trump ndi ogwirizana naye anakasuma inagwa pafupifupi yonse, ina pamaso pa oweruza amene iye mwini anawasankha, ndipo William Barr, yemwe anali mkulu wa zamalamulo m'boma lake, ananena pa 1 Disembala 2020 kuti unduna wake sunapeze chinyengo chachikulu chimene chikadasintha zotsatira. Atolankhani a Associated Press atafufuza m'zigawo zisanu ndi chimodzi zimene zinali pa mkangano, anapeza mavoti okayikitsa osafika 475.

Kunena izi sikutanthauza kuti voti ya papositi sinaberedwepo, ndipo amene amaikira kumbuyo njirayi amalakwitsa akamalankhula ngati ilibe banga. Komiti ya ku America yotsogozedwa ndi Jimmy Carter ndi James Baker inachenjeza m'chaka cha 2005 kuti mavoti oponyedwa kunja kwa malo ovotera ndiwo amapereka mpata waukulu wa chinyengo, ndipo chenjezolo linali loona. M'chaka cha 2018, pa chisankho cha phungu wa dera lachisanu ndi chinayi la North Carolina, anthu olembedwa ganyu ndi munthu wina wogwirira ntchito Mark Harris wa chipani cha Republican ankayenda khomo ndi khomo kutolera mapepala a anthu, ena osadzazidwa nkomwe, ndipo ngakhale Harris ankatsogola ndi mavoti 905, bungwe la zisankho la chigawocho linakana kuvomereza zotsatira nkulamula chisankho china. Ku Birmingham m'dziko la Britain, woweruza Richard Mawrey anafafaniza m'chaka cha 2005 kupambana kwa makhansala asanu ndi mmodzi a chipani cha Labour chifukwa cha kubera kwa mavoti a papositi pa chisankho cha 2004, ndipo chotsatira chake chinali lamulo la 2006 lofuna siginecha ndi tsiku lobadwa la wovota pa voti iliyonse ya papositi. Milandu imeneyi ikuphunzitsa zinthu ziwiri zimene ofalitsa mphekesera sazitchula. Kubera kotere kumachitika m'madera aang'ono kumene mavoti mazana ochepa amakwana kusintha wopambana, ndipo kumagwidwa chifukwa kumafuna manja ambiri ndi kusiya maenvulopu amene angathe kuunikidwa. Ngati chinyengo cha mavoti mazana angapo m'midzi ya North Carolina chinaululika, sizomveka kuti cha mavoti masauzande makumi ambiri m'zigawo zingapo nthawi imodzi chibisike kwa oyang'anira a zipani zonse ziwiri.

Chofooka chenicheni cha njirayi chili pena, ndipo nchachisoni kuti phokoso la mavoti abodza lachiphimba. Munthu wolowa m'kachipinda kovotera amakhala yekha, koma wovotera panyumba angathe kuchonga pepala lake mwamuna wake, bwana wake kapena womusamalira pa ukalamba wake ataima pambali, ndipo palibe siginecha imene ingaonetse kuti anakakamizidwa. Nchifukwa chake lamulo la ku Britain la 2022 linaletsa ochita kampeni kugwira mavoti a papositi a anthu ena ndi kuchepetsa chiwerengero cha maenvulopu amene munthu mmodzi angakapereke. Vuto lina ndi lakuti mavoti enieni amakanidwa chifukwa chofika mochedwa kapena chifukwa wovota anaiwala kusaina, ndipo anthu otaya voti yawo motere ndi ochuluka kwambiri kuposa amene anapezekapo akubera.

Nakonso kuvota pamalo ovotera sikuti kumadziteteza kokha, ndipo Malawi ndiye mboni yake. Pa chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019 panalibe voti ngakhale imodzi ya papositi. Aliyense anaima pamzere, dzina lake linapezedwa m'kaundula, chala chinaviikidwa mu inki, ndipo mavoti anawerengedwa pamaso pa mamonita a zipani, komabe chisokonezo chinalowera pa mapepala a zotsatira amene anafutidwa ndi Tipp-Ex ndi ena amene sanali oyambirira. Oweruza asanu anafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020 chifukwa odandaula anabwera ndi mapepalawo, mboni zinafunsidwa mafunso kwa miyezi ingapo anthu akumvera pa wailesi, ndipo khothi la Supreme linagwirizana ndi chigamulocho mu Meyi chaka chomwecho. Ku America makhothi analinso otsegula, mapepala analipo ndipo anawerengedwanso, koma odandaula analibe chofanana ndi mapepala a Tipp-Ex choti aonetse. Kuika nkhani ziwirizi m'dengu limodzi ndi kuchepetsa ntchito yaikulu imene inagwiridwa m'khothi ku Lilongwe.

Malamulo a Malawi salola kuvota papositi, ndipo Amalawi okhala ku Johannesburg kapena ku London amene amapempha mwayi wovota ali komweko sayenera kuyankhidwa ndi mphekesera za ku America. Mafunso oyenera ndi akuti kaundula wa ovota a kunja angasungidwe bwanji molondola, makalata angafike pa nthawi yake, siginecha ya munthu ingafaniziridwe ndi chiyani, ndiponso ngati sikungakhale kotetezeka kwambiri kuti avotere ku maofesi a kazembe pamaso pa mamonita, monga mmene nzika za South Africa zimachitira zikakhala kunja.