Mangalande ikufuna manja athu, mabanja athu ayi

Agogo anga akuchikazi adadikira amuna awo zaka 7. Bambowo adapita ku Joni atasiya mwana kumsana kwa mayi wake, ndipo chimene chinkafika pamudzi ndi bulangete, nthawi zina kalata yolembedwa ndi dzanja la munthu wina, kenaka zii. Tsiku limene adatulukira ndi sutikesi pamutu, mwana uja adathawira kuseri kwa nkhokwe poopa mlendo wa chipewa. Nkhani yotere simungaisowe m'mudzi uliwonse wa dziko lino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 amuna a ku Malawi oposa 100,000 ankakumba m'migodi ya ku South Africa, akugona m'makomboni a amuna okhaokha, pakuti eni migodi ankafuna msana wa munthu osati mkazi wake. Kamuzu adaimitsa za Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70, koma njirayo idatsegulidwanso, ndipo mawu akuti mtchona adakhazikika m'chiyankhulo chathu.

Tidauzidwa kuti zimenezo zidapita pamodzi ndi boma la tsankho. Ife tikuti ayi. Komboni ija ikadalipo, kungoti lero idamangidwa ndi mapepala, ndipo mwini wake ndi boma la Mangalande.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Ndirande amene adapita ku Leeds kalekale, adagwira ntchito, adalipira msonkho, mpaka adalandira chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, mwinanso unzika umene. Wabwera kutchuthi, wapeza mbeta, ankhoswe akumana, nkhuku zasinthana, abusa adalitsa. Tsopano akufuna mkazi wake amutsatire. Kuyambira pa 11 April 2024 lamulo lidayamba kunena kuti mwamunayo aonetse kuti amalandira mapaundi 29,000 pachaka. Osati 28,900. Ndipo aonetse ndi mapepala a malipiro a miyezi 6, masitetimenti a kubanki ogwirizana nawo tambala ndi tambala, ndi kalata ya abwana ake. Akapanda ntchito yotere, akhale ndi mapaundi 88,500 amene agona kubanki miyezi 6 osasuntha. Ndalama zimene mkaziyo amapeza kuno, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi namwino, kaya ntchito ikumudikira kale ku Leeds, siziwerengedwa pa pempho loyambali.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi, poti masamu alibe chipani. Mu April 2024 malipiro otsikitsitsa amene lamulo la ku Mangalande limalola kwa munthu wamkulu adali mapaundi 11.44 pa ola. Munthu wogwira maola 37 ndi theka pasabata, chaka chonse osajomba, adapeza mapaundi 22,308. Ndiye kuti boma lomwelo limene lidati ndalama izi n'zokwanira kuti munthu akhalire moyo, lidatembenuka n'kunena kuti sizokwanira kuti agone nyumba imodzi ndi mkazi wake. Wosesa m'chipatala, wonyamula katundu m'sitolo, mlonda, wosambitsa nkhalamba: onsewa aloledwa kutuluka thukuta, koma ukwati wawo ukhale wa patelefoni. Ndipo musaganize kuti nkhwangwayi ikudula akuda okha. Mzungu wobadwira ku Glasgow amene adabwera kudzaphunzitsa ku Ekwendeni n'kukwatira kapena kukwatiwa konkuno, naye akafuna kubwerera kwawo ndi mnzakeyo amakumana ndi mpanda womwewu.

Mpandawu adaumanga ndi mayi Theresa May mu July 2012 ali nduna ya za m'dziko. Nthawi imeneyo udali pa mapaundi 18,600, kuonjezerapo 3,800 pa mwana woyamba ndi 2,400 pa mwana aliyense wotsatira, ngati kuti ana ndi mbuzi za pamsika wa Lunzu. Mu 2015 ofesi yoona za ana ku England idatulutsa lipoti lonena kuti ana pafupifupi 15,000 adali atalekanitsidwa ndi kholo limodzi chifukwa cha lamuloli, ana odziwa bambo kapena mayi wawo pa Skype pokha. Mu February 2017 khoti la Supreme la m'dzikomo lidagamula kuti lamulolo palokha silolakwika, koma lidadzudzula boma kuti silidaganizire ubwino wa ana. Boma lidasoka chigamba apa ndi apo, mpanda n'kukhala chiimire. Kenaka pa 4 December 2023 nduna ina, a James Cleverly, idalengeza kuti ndalamayo ikwera kufika pa 38,700. Anthu atakuwa, boma lidabwerera m'mbuyo pasanathe milungu itatu n'kuti tiyambire pa 29,000. Chipani cha Labour chitalowa m'boma mu July 2024 chidaimitsa kukwezako koma sichidatsitse, ndipo mu June 2025 komiti ya akatswiri yolangiza boma pa za anthu olowa m'dziko idati 38,700 njosayenera, n'kutchula ndalama za pakati pa 23,000 ndi 25,000. Taonani: nambala imene ikulamula kuti banja likhale pamodzi kapena ayi yakhala ikukwera ndi kutsika malinga ndi mmene mphepo ya chisankho ikuombera.

Koma tinene kuti mnyamata wathu uja wagwira usiku ndi usana, wadumpha mpandawo. Asasangalale msanga. Mu April 2025 fomu yokhayo idafika pa mapaundi 1,938. Pamwamba pake pali msonkho wa chipatala, umene udayamba mu 2015 pa mapaundi 200 pachaka, n'kufika pa 400, kenaka 624, ndipo mu February 2024 udalumphira pa 1,035. Chitupa choyamba ndi cha miyezi 33 koma amalipiritsa zaka zitatu zathunthu nthawi imodzi, ndiye kuti 3,105. Zonse pamodzi mu 2025 zidali mapaundi 5,043. Pa mtengo wa kubanki wa chaka chimenecho, pamene paundi imodzi inkaposa K2,000, ndalamazi zidaposa K10 miliyoni, ndipo nonse mukudziwa kuti mtengo wa kubanki udali wongowerenga m'nyuzipepala pakuti ndalama zakunja zenizenizo zinkapezeka kuseri kwa msika. Pempho likakanidwa, za chipatala amabweza koma za fomu zapita. Likavomerezedwa, pakatha zaka ziwiri ndi theka mulipiranso, muonetsanso mapepala a malipiro, ndipo pakatha zaka 5 mulipira kachitatu. Ntchito ikatha pakati panjira, banja lonse ligona maso.

Mkaziyo naye ali ndi yake mitanda. Akajambulidwe pachifuwa kuchipatala chimene eni ake adasankha, kuti aone ngati alibe TB. Akadinde zala ku Lilongwe, pa ofesi ya kampani yolembedwa ganyu imene ilibe mphamvu yoyankha funso lililonse, pakuti chigamulo chimapangidwa kutali ndi munthu amene simudzamuona nkhope. Adikire milungu 12, ndipo mu 2022 nthawiyi idafika pa milungu 24. Pokhapokha atalipira ina yapadera kuti pempho lake lidumphe mzere. Kuno kwathu zimenezo timazitcha dzina lina, koma kumeneko amapereka lisiti.

Kenaka mayeso a Chingelezi, amene adayamba mu November 2010. Pali mndandanda wa maiko amene nzika zake sizilemba mayesowa chifukwa akuti kwawo amayankhula Chingelezi: Jamaica alipo, Guyana alipo, Belize alipo. Dziko la mu Africa palibe ngakhale limodzi. Malawi, amene adalamulidwa ndi Angelezi kuyambira 1891 mpaka 1964, kumene mwana wolephera Chingelezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ngati makina, kumene aphungu amakangana m'Chingelezi m'nyumba ya malamulo anthu owasankha osamva kanthu, akuti sitidziwa Chingelezi. Wa digiri angathe kupulumuka akalipira kuti digiriyo itsimikizidwe. Ine amene ndidasiyira yunivesite panjira, ngakhale nsima yanga imachokera m'kulemba Chingelezi masamba ena a nyuzi ino, ndikadakhala pamzere kukauza mzungu dzina langa ndi mtundu wa malaya anga.

Chopweteka kuposa zonse ndi umboni wa chikondi. Setifiketi ya ukwati siyokwanira. Muonetse kuti ukwatiwo ndi weniweni ndipo ukadali moyo: zithunzi, matikiti a ndege, malisiti a ndalama zotumizirana, ngakhale mauthenga a pa WhatsApp. Mawu amene mwamuna adanong'oneza mkazi wake pakati pa usiku asindikizidwe, amasuliridwe, kalaliki awerenge. Kwathu kuno ukwati umadziwika ndi ankhoswe, anthu amoyo amene amayankha mlandu banja likagwedezeka, koma pa fomu palibe malo a nkhoswe. Ndipo amene akudziwa mbiri sadabwa. Mu 1979 zidaululika kuti pa bwalo la ndege la Heathrow akazi ochokera ku India odzakwatiwa ankawayeza unamwali. Mpaka 1997 padali lamulo loti munthu atsimikize kuti sadakwatire n'cholinga cholowera m'dzikomo, chinthu chimene ngakhale mngelo sangatsimikize. Zimenezo zidathetsedwa, koma mtima wokayikira udatsala.

Alipo ena pakati pathu, makamaka amene adadya bwino kunja, amene ati: dziko ndi la eni, mlendo sathyola mphasa. Ndi zoona kuti dziko lililonse lili ndi ufulu wolondera malire ake, ndipo ndi zoonanso kuti maukwati achinyengo alipo. Ena mwa ife tikuwadziwa madobadoba amene amagulitsa masetifiketi ndi masitetimenti abodza, ndipo akuipitsira mbiri anthu olungama. Koma kodi chinyengo chimathera pa mapaundi 29,000? Wolemera sanganame? Akuti cholinga n'chakuti mlendoyo asakhale mtolo kwa okhoma msonkho. Nanga si chitupa chomwecho chimaletsa kale mkaziyo kulandira thandizo la boma kwa zaka 5? Nanga si walipiriratu chipatala asadadwale, ndipo akayamba ntchito akhomanso msonkho ngati wina aliyense? Mtolo uli pati? Mtolo weniweni ndi mayi wa ku Mangalande amene akulera yekha ana chifukwa mwamuna wake watsekeredwa ku Mzuzu, ndipo sangagwire maola okwanira kufika pa 29,000 chifukwa chakuti ali yekha. Lamulo likumuuza kuti apeze ndalama zambiri kuti mwamuna abwere, pamene akufuna mwamunayo abwere kuti apeze ndalama zambiri. Pali kakhomo ka anthu a mavuto apadera, inde, koma olowera pamenepo amadikira zaka 10 m'malo mwa 5, akulipira ulendo uliwonse.

Umboni woti akufuna manja okha udaonekera poyera pa 11 March 2024. Atatha zaka ziwiri akuitana anthu a maiko ngati lathu kuti akasamalire nkhalamba zawo, pakuti eni ake ntchitoyo adaithawa, adalamula kuti wosamalira nkhalamba wobwera kuyambira tsiku limenelo asatenge mkazi, mwamuna kapena mwana. Mayi wa ku Area 25 akasambitse amayi a wina ku Manchester, ana ake akuleredwa ndi agogo. Kodi pamenepa Wenela adalakwa chiyani chimene awa sadachite? Ndipo mu July 2025 khomo la ntchitoyo adalitsekeratu. Awa ndi anthu omwe aja amene amishoni awo adatiphunzitsa kuti mitala ndi tchimo, ukwati ndi wa awiri ndipo usalekanitsidwe. Mzinda wathu waukulu wa malonda adautcha dzina la mudzi wa Livingstone. Maina a asilikali athu amene adafera nkhondo ya mfumu yawo ali pa chipilala ku Zomba. Mpaka 2006 M'malawi ankakwera ndege kukacheza ku London popanda visa. Lero mkazi amene wapempha kukangoona mwamuna wake kwa mwezi umodzi amakayikiridwa kuti sadzabwerako, chifukwa chakuti ali ndi mwamuna kumeneko.

Inu amene mudathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi, n'kukhala ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku London zaka makumi, akazi anu akufunsidwa mafunso ndi apolisi kumudzi, simufunika kuuzidwa kuti banja lolekanitsidwa ndi boma limamva bwanji. Ambiri mwa inu muli ndi ana ndi adzukulu amene ali ndi mavoti ku Mangalande. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Alembereni aphungu a kumeneko, pakuti lamuloli si la m'Baibulo. Nduna imodzi idalilemba, nduna ina ingalifufute, monga Jack Straw adafufutira lija la 1997.

Koma tisamangoloza chala kutsidya kwa nyanja. Lamulo lathu la unzika la 1966 linkalanda unzika mkazi wa ku Malawi amene watenga unzika wa mwamuna wake wakunja, ndipo aphungu athu adadikira mpaka December 2018 kuti avomereze unzika wa maiko awiri. Kumayambiriro kwa 2024, nthawi yomwe mabanja ankathamangira kupereka mapempho ndalama ija isadakwere pa 11 April, dziko lino lidakhala milungu ingapo osasindikiza mapasipoti, ndipo a Chakwera adauza nyumba ya malamulo kuti makina adalowedwa ndi akuba a pakompyuta. Amene adaphonya tsikulo chifukwa chosowa pasipoti adadzuka m'mawa mpanda utakwera ndi mapaundi 10,400.

Gawo 22 la malamulo aakulu a dziko lino likuti banja liyenera kutetezedwa ndi boma. Silikunena kuti banja la mkati mwa malire okha. Nduna zathu zimakwera ndege kupita ku misonkhano ya Commonwealth, zimajambulitsa ndi mfumu, zimayamikira ndalama zimene a Malawi akunja amatumiza kumudzi. Tikufuna komiti ya aphungu yoona za maubale ndi maiko ena iitane nduna ya zakunja, ndipo ndunayo ifotokoze poyera kuti ndi liti pamene idakhala pansi ndi kazembe wa Mangalande ku Lilongwe n'kumufunsa chifukwa chimene Malawi palibe pa mndandanda wa maiko oyankhula Chingelezi, ndi chimene kazembeyo adayankha.