Mwana wa Mmphawi Asalipire Kawiri Phunziro Limodzi

Inu amene munabwerera kumudzi boma litakhululukira othawa kwawo m'chaka cha 1993, nkhani iyi simufuna womasulira. Ena a inu munatsika ndege pa Chileka, ena munalowera pa Mchinji kapena pa Songwe, m'chikwama muli mapepala a sukulu a ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku Moscow. Mukukumbukira kalaliki uja amene anatenga pepala lanu, n'kulitembenuza uku ndi uku ngati chikho cha nsomba pamsika, kenaka n'kunena kuti, "Bwana, izi kuno sitizidziwa." Zaka zonse munakhetsa thukuta m'dziko la eni zinasanduka mphepo pamaso pa munthu mmodzi wogwira chidindo.

Lero ndifuna ndikambe za ana athu, chifukwa chipongwe chomwecho chikuwadikira, ndipo iwo sanathawireko kunja ayi.

Tiyambire ku America, kumene kunabadwira makoleji a m'madera aja amawatcha community college. Ina mwa yoyambirira inatsegulidwa m'chaka cha 1901 m'tauni ya Joliet, m'chigawo cha Illinois, ndipo mmodzi wa amene anaikapo nzeru anali William Rainey Harper, mkulu woyamba wa University of Chicago. Maganizo ake anali osavuta kumva. Digiri ndi ya zaka zinayi. Mwana aphunzire zaka ziwiri zoyamba pafupi ndi kwawo, akugona m'nyumba ya makolo ake, pa mtengo wotsika, kenaka akamalize ziwiri zotsalazo ku yunivesite.

Kuti zimenezi zitheke pamafunika muyeso, monga mbale yoyezera chimanga. Muyeso wawo amautcha kirediti. Tisasokoneze ndi makirediti a mayeso a Fomu 4 kuno kwathu, amene amanena za kukhoza bwino. Awa ndi owerengera ntchito imene wophunzira wagwira. Kirediti imodzi ndi pafupifupi ola limodzi la m'kalasi sabata iliyonse kwa masabata ngati 15. Digiri yonse imafuna makirediti 120, ndipo pepala la zaka ziwiri la pa koleji limafuna 60. Mwana wa sitandade 3 akhoza kukuuzani kuti 60 kuphatikiza 60 ndi 120.

Koma masamu a mwana wa sitandade 3 si masamu a mapulofesa. M'chaka cha 2017 ofesi ya boma la America yolondoloza ndalama za anthu, Government Accountability Office, inatulutsa zimene inapeza pa ophunzira amene anasintha sukulu pakati pa 2004 ndi 2009. Pa makirediti 100 alionse amene anawagwirira ntchito, 43 anatayika panjira. Amene anachoka ku makoleji a anthu ochita malonda kupita ku sukulu za boma anataya 94 pa 100. Akatswiri a ku Columbia University amene amalondola nkhanizi akuti mwa ana 100 olowa m'makoleji a m'madera, pafupifupi 80 amalowa ali ndi mtima wofika pa digiri, koma amene amaipezadi pakatha zaka zisanu ndi chimodzi ndi 16 basi. Ena onsewo si mbuli. Ambiri ndi ana a anthu osauka, ena ndi amayi olera ana okha, ena amagwira ntchito usiku n'kumaphunzira masana, ndipo akauzidwa kuti chaka chathunthu achibwereze amangotsika m'njira.

Kuba kwake n'kwaulemu, kovala tayi. Yunivesite siikana mwana pamaso. Imamuuza kuti makirediti ako onse talandira. Mwana n'kusekerera. Akapita ku dipatimenti ya maphunziro amene akufuna, kaya ndi uinjiniya kaya unamwino, amamva kuti inde makirediti alandiridwa, koma angowerengedwa ngati maphunziro apadera ongodzazira. Masamu amene unachita kuja si masamu athu, uchitenso athu. Buku n'lomwelo, mitu ya phunziro n'njomweyo, mwinanso mphunzitsi wake n'yemweyo amene amaphunzitsa kuno m'mawa, uko madzulo. Chasiyana ndi nambala ya phunziro ndi dzina la pachipata. Ndipo tisanamizane: phunziro lobwereza limalipiridwa. Mwana akabwereza, thumba la yunivesite limanenepa.

Zigawo zina za America zinaona kuti nkhaniyi siingasiyidwe m'manja mwa eni mayunivesite okha, pakuti fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi. Florida inayamba kale, m'chaka cha 1971, ndi pangano loti womaliza zaka ziwiri pa koleji ya boma ali ndi malo ku yunivesite ya boma, ndipo pambuyo pake anakonza zoti phunziro lofanana likhale ndi nambala imodzi m'sukulu zonse za boma m'chigawocho. California inalemba dongosolo lake m'chaka cha 1960 motsogozedwa ndi Clark Kerr: University of California izitenga mwana mmodzi mwa asanu ndi atatu okhoza kwambiri, makoleji akuluakulu a boma azitenga mmodzi mwa atatu, ndipo makoleji a m'madera atsegule chitseko kwa aliyense, ndi lonjezo loti wolimbikira adzakwera. Lonjezolo linakhala lapakamwa kwa zaka 50. Zinatengera nyumba ya malamulo, m'chaka cha 2010, kukhazikitsa lamulo lotchedwa SB 1440, limene analibweretsa ndi Alex Padilla. Lamulolo likuti mwana akamaliza makirediti 60 a ndondomeko yogwirizanidwa, California State University iyenera kumulandira m'chaka chachitatu, isamubwerezetse zimene anachita kale, ndipo isamufunse makirediti oposa 60 ena kuti atenge digiri. Silimulonjeza kampasi imene iye akuikonda, ndipo limenelo ndi banga lake, koma limamulonjeza malo. Ngakhale apo anaona kuti sizinakwane, moti m'chaka cha 2021 anawonjeza lamulo lina lokakamiza makoleji awo kugwiritsa manambala ofanana a maphunziro.

Wina afunsa kuti za ku California zikutikhudza chiyani ife a ku Ndirande ndi ku Kawale. Zikutikhudza pawiri.

Poyamba, alipo makolo ambiri m'matauni mwathu, ndi abale athu okhala kunja, amene amatumiza ana ku makoleji amenewa chifukwa fizi yake ndi yopepukirapo. Amagulitsa puloti, ena galimoto, poganiza kuti pakatha zaka ziwiri mwana angowoloka. Safunsa anadya phula. Mwana asanalipire tambala, afunse kuti kolejiyo ili ndi pangano lolembedwa ndi yunivesite iti, pa digiri iti, ndipo aone ndi maso ake mndandanda wa maphunziro amene adzawerengedwe pa digiriyo. Asunge pepala lililonse lofotokoza zimene anaphunzira m'kalasi iliyonse. Mawu okoma a wolemba ana sukulu sadzamuthandiza tsiku la mlandu.

Kachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, nafenso tinatengera dzinali. M'chaka cha 2015 boma la Peter Mutharika linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera, kuyambira pa Ngara ku Karonga, kuwonjezera pa makoleji akale aja a Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Ganizo labwino, ndipo ndikuliyamikira posatengera chipani. Ana akuphunzira kumanga, ukalipentala, kuwotcherera, zamagetsi, kusoka. Koma funsani mnyamata wa pa Ngara amene wakhoza bwino zamagetsi kuti akafuna kudzakhala injiniya njira yake ndi iti, zaka zingati, ndipo zimene waphunzirazi zidzamuchotsera miyezi ingati ku MUBAS kapena ku MUST. Funsani mphunzitsi wake. Funsani phungu wa dera lake amene anavina tsiku lotsegulira. Tatenga dzina la koleji ya ku America, koma makwerero ake tawasiya padoko.

Sindikunena kuti khomo n'lotsekeratu. Alipo aphunzitsi a madipuloma a ku Domasi amene anakwera n'kutenga madigiri, alipo anamwino, alipo a zaulimi. Mayunivesite athu ali ndi khomo la anthu achikulire ndi la okweza maphunziro. Koma khomolo aliyense amalitsegula mmene wafunira. Uyu akuika mwini dipuloma m'chaka chachiwiri, uyo m'chachitatu, winayo akuti yambira pansi. Chimene munthu amachipeza mwa chisomo cha komiti si ufulu. Ife amene tinakhala zaka 30 tikulandira chilichonse ngati mphatso yochokera kwa Ngwazi tiyenera kudziwa kusiyana kwa zinthu ziwirizi kuposa mtundu wina uliwonse.

Poti tamutchula mkuluyo, tiyeni timuone bwino. Hastings Banda atamaliza ku Wilberforce, ku Ohio, m'chaka cha 1928, analowa Indiana University. Ataphunzira kumeneko zaka ziwiri anasamukira ku University of Chicago, yomwe ija ya Harper, ndipo m'chaka cha 1931 anali atatenga kale digiri. Werengani zakazo nokha muone ngati anamuyambitsanso pansi. Mbali inayo anailawanso: atamaliza udokotala ku Meharry m'chaka cha 1937, Angerezi sanalole kuti agwire ntchito m'maiko awo ndi pepala la ku America, ndipo anakakhalanso pabenchi ku Edinburgh mpaka 1941. Munthu amene anadziwa kukoma kwa chitseko chotseguka ndi kuwawa kwa chotseka, atatenga dziko anatipatsa yunivesite imodzi, imene inayamba ndi ophunzira 90 m'chaka cha 1965, n'kuisunga yaing'ono ngati munda wa maluwa wa pa Sanjika. Ndalama zinapita ku Mtunthama kukaphunzitsa ana owerengeka Chilatini ndi Chigiriki. Kenaka kunabwera kota, kugawa malo potengera boma limene munthu akuchokera, imene inatidanitsa, n'kuchoka, n'kubweranso m'chaka cha 2009, mpaka kuthetsedwa m'chaka cha 2020. Zaka zonsezo tinkakanganirana khomo limodzi lopapatiza, osafunsa chifukwa chake nyumba yonseyi ili ndi khomo limodzi.

M'chaka cha 1994 tinatsegula sukulu za pulayimale kwaulere ndipo ana oposa miliyoni imodzi anakhamukira m'makalasi ndi pansi pa mitengo. Ana amenewo lero ndi makolo. Mayunivesite a boma tsopano alipo asanu ndi limodzi, University of Malawi itagawidwa m'chaka cha 2021, komabe chaka chilichonse ana zikwizikwi okhala ndi makirediti asanu ndi limodzi a Fomu 4, Chingerezi chili momwemo, amatsala panja. Mwana wa zaka 18 akaphonya tsiku limodzi limenelo la kusankhidwa, kodi ndiye kuti mlandu wake watha moyo wonse?

Mapulofesa ali ndi yankho, ndipo si lopusa. Akuti digiri ndi dzina la yunivesite, ndipo sangaike chidindo chawo pa maphunziro amene sanawaone. Akuti makoleji a ku America amaphunzitsa masamu ndi sayansi za chaka choyamba cha yunivesite, pamene athuwa amaphunzitsa manja. Wodziwa kulumikiza mawaya m'nyumba sindiye kuti wadziwa masamu a uinjiniya. Zoona zimenezo. Ine sindikupempha kuti satifiketi ya kuwotcherera isanduke theka la digiri. Digiri yogawidwa ngati makuponi a fetereza ingapweteke mwana wa mmphawi yemweyo, chifukwa wa olemera adzakatenga yake kunja.

Koma ngati vuto ndi masamu, nenani masamu ake. Alembeni. Nenani kuti mwana wa zamagetsi akafika pa mlingo wakutiwakuti wa TEVETA, n'kuwonjeza maphunziro awa ndi awa, n'kukhoza mayeso amene inu nomwe mwakonza ndi kuchonga, adzalowa chaka chakuti. Tumizani aphunzitsi anu akayendere makolejiwo. Mukapeza kuti akuphunzitsa zosakwanira, nenani poyera kuti akonze. Chimene sitingalole ndi kukana kopanda chifukwa cholembedwa, kumene mwana sangakuchitire apilo kwina kulikonse. Ndipo mfundo yoti malo ndi ochepa isatitseke pakamwa: amene walowa m'chaka chachitatu amakhala pa mpando zaka ziwiri m'malo mwa zinayi. Mpando umodzi, ana awiri. Nduna ya zachuma iyenera kukhala yoyamba kuvomereza zimenezi.

Anzathu a ku South Africa, atangochoka mu tsankho, anakhazikitsa lamulo la bungwe loona za mapepala a maphunziro, SAQA, m'chaka cha 1995, chifukwa anadziwa kuti tsankho linabisalanso m'masatifiketi. Maiko a ku Ulaya ali ndi muyeso wawo umodzi wa makirediti umene mwana amayenda nawo kuchoka ku Lisbon kupita ku Helsinki. Ife tili ndi TEVETA kuyambira 1999 ndi NCHE kuchokera pa lamulo la 2011, wina akuyang'ana za manja, wina za ukachenjede. Musatiwerengere ndondomeko zolembedwa m'mahotela a ku Mangochi. California inali ndi ndondomeko yokongola zaka 50 ana akutayabe makirediti, mpaka aphungu analemba lamulo loluma.

Choncho pempho langa likupita ku Nyumba ya Malamulo, kwa aphungu a mbali zonse, makamaka a komiti ya zamaphunziro. Itanani akuluakulu a mayunivesite asanu ndi limodziwo, a NCHE ndi a TEVETA, pamsonkhano wotseguka atolankhani ali pomwepo. Afunseni kuti chaka chatha analandira ana angati ochokera m'makoleji a ntchito zamanja ndi a madipuloma, anawaika m'chaka chiti, ndipo amene anawabweza anawabwezeranji. Mayankhowo asindikizidwe m'nyuzipepala, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, kuti kholo la ku Ngara liwerenge lisanagulitse ng'ombe.