Chamba cha mankhwala ndi autism

Chamba cha mankhwala ndi mafuta, timadzi kapena zinthu zina zochokera ku chomera cha chamba zimene dokotala amalola wodwala kugwiritsa ntchito. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 2010, makolo a ana amene ali ndi autism, makamaka ku Israel ndi ku United States, akhala akupempha kuti ana awo aloledwe kulandira mafuta amenewa pofuna kuchepetsa kupsa mtima, kudzivulaza ndi kusowa tulo. Madera ena anasintha malamulo n'kuvomera. Komabe mabungwe oyang'anira mankhwala ku United States, ku Britain ndi ku European Union sanavomereze chamba kukhala mankhwala a autism, ndipo kafukufuku amene wachitika sanapereke yankho limodzi. Nkhaniyi yagawanitsa makolo, madokotala, andale ndiponso anthu a autism eni ake.

Autism ndi thandizo limene lilipo

Autism ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka anthu ambiri. Imakhudza mmene munthu amalankhulira, mmene amachezera ndi anzake komanso mmene amamvera phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa. Zizindikiro zake zimaoneka munthu ali wamng'ono ndipo amakhala nayo moyo wake wonse. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore anaifotokoza mu 1943 ataona ana 11. Anthu ake amasiyana kwambiri: ena amaphunzira mpaka ku yunivesite n'kumagwira ntchito, pamene ena salankhula n'komwe ndipo amafuna wowasamalira usana ndi usiku. Mu 2025 bungwe la CDC la ku United States linanena kuti m'madera amene linafufuza, mwana mmodzi pa ana 31 aliwonse a zaka 8 anapezeka ndi autism.

Palibe mankhwala othetsa autism. Thandizo lalikulu ndi kuphunzitsa mwana njira zolankhulirana ndi ena, kumupatsa maphunziro oyenerera ndi kulangiza banja. Bungwe la FDA linavomereza mankhwala awiri okha ochepetsa kukwiya ndi ukali mwa ana a autism: risperidone mu 2006 ndi aripiprazole mu 2009. Onsewa anapangidwa poyamba kuti azithandiza odwala matenda a maganizo. Amatha kunenepetsa kwambiri, kuodzeretsa ndi kuyambitsa kunjenjemera, ndipo ana ena sawathandiza. Banja limene mwana wake amamenyetsa mutu kukhoma kapena kudziluma mpaka kutuluka magazi, mankhwala awiriwo atakanika, limatsala ndi zochepa zoti liyese. Mabanja otere ndi amene anayamba kufunsa za chamba.

THC ndi CBD

Chamba chili ndi mankhwala achilengedwe oposa 100 otchedwa cannabinoid. Awiri ndi amene amadziwika kwambiri. THC ndi imene imaledzeretsa wosuta. Akatswiri a ku Israel, Yechiel Gaoni ndi Raphael Mechoulam, anaipatula mu 1964. CBD siledzeretsa. Kuchuluka kwa ziwirizi kumasiyana malinga ndi mtundu wa mbewu, choncho mafuta awiri otchedwa "a chamba" akhoza kugwira ntchito mosiyana kotheratu.

Thupi la munthu nalo limapanga mankhwala ofanana ndi a m'chamba. Amodzi mwa iwo, anandamide, anapezeka mu 1992. Mankhwalawa amatenga nawo mbali pa tulo, njala, mantha ndi ululu. Ofufuza a ku Stanford University mu 2018, ndi ena a ku Jerusalem mu 2019, anapeza kuti ana a autism anali ndi anandamide yochepa m'magazi poyerekeza ndi ana ena. Zimenezi zinapereka chifukwa choyesera CBD, koma pazokha sizisonyeza kuti kumwa CBD kungasinthe khalidwe la mwana.

Chidwi cha makolo chinakula chifukwa cha khunyu, limene ndi lofala mwa anthu a autism kuposa mwa anthu ena. Mu Juni 2018, FDA inavomereza Epidiolex, CBD yoyengedwa bwino, kuti izithandiza mitundu iwiri ya khunyu lovuta, Dravet ndi Lennox-Gastaut. Ku European Union inavomerezedwa mu 2019. Mwana wa autism amene ali ndi khunyu la mitundu imeneyi akhoza kuilandira, koma amailandira chifukwa cha khunyulo.

Zimene kafukufuku wapeza

Kafukufuku wambiri wachitikira ku Israel. Mu 2019, Adi Aran ndi anzake a pachipatala cha Shaare Zedek ku Jerusalem anafalitsa zimene anaona pa ana 60 a khalidwe lovuta kwambiri. Anawo ankalandira mafuta amene CBD yake inali yochuluka ka 20 kuposa THC. Malinga ndi owasamalira, ana 61 pa 100 aliwonse anasintha kwambiri. Koma mtsikana mmodzi amene analandira THC yambiri anasokonezeka maganizo kwa kanthawi mpaka kufunika mankhwala. Chaka chomwecho, magazini ya Scientific Reports inafalitsa lipoti la anthu 188 amene analandira mafuta otere pakati pa 2015 ndi 2017, ndipo ambiri mwa mabanja amene anayankha mafunso patatha miyezi 6 ananena kuti pali kusintha. Pa kafukufuku yense muwiriyu panalibe gulu loyerekezera nalo, ndipo makolo ankadziwa chimene mwana wawo akumwa.

Mayeso okhwima anafalitsidwa mu 2021 mu magazini ya Molecular Autism. Gulu la Aran linatenga anthu 150 a zaka zapakati pa 5 ndi 21 n'kuwagawa mwamaere m'magulu atatu. Loyamba linalandira mafuta a chomera chonse, lachiwiri CBD ndi THC zoyengedwa, ndipo lachitatu mafuta ongofanizira opanda mankhwala, amene akatswiri amawatcha placebo. Makolo ndi madokotala sankadziwa amene akumwa chiyani. Patatha milungu 12, madokotala anaona kuti 49 pa 100 aliwonse a gulu loyamba anasintha kwambiri, poyerekeza ndi 21 pa 100 aliwonse a gulu la placebo. Koma pa muyezo wina waukulu, wa mafunso amene makolo ankayankha okhudza khalidwe la mwana pakhomo, magulu atatuwo sanasiyane. Kupanikizika maganizo kwa makolo nakonso sikunasiyane. Mavuto amene anaoneka kawirikawiri anali kuodzera ndi kusafuna kudya. Ofufuzawo ananena okha kuti umboniwo ndi wosakanikirana ndiponso wosakwanira.

Ku Brazil, mayeso a ana 60 a zaka 5 mpaka 11 anasonyeza kusintha pa kucheza ndi ena, nkhawa ndi kusakhazikika. Mbali inayo, mu 2020 kampani ya Zynerba inalengeza kuti mafuta ake opaka a CBD analephera kupambana placebo pa cholinga chachikulu cha mayeso a ana a Fragile X, matenda akumtundu amene nthawi zambiri amayendera limodzi ndi autism.

Chifukwa chake zotsatira n'zovuta kuziweruza

Palibe kuyeza magazi kapena chithunzi cha ubongo chimene chingasonyeze kuti mwana wa autism wapezako bwino. Ofufuza amadalira zimene makolo, aphunzitsi ndi madokotala aona. Kholo limene lavutika kupeza mafutawo, n'kulipira ndalama zambiri, limayembekezera kusintha, ndipo chiyembekezocho chimakhudza zimene likuona ndi mmene likuchitira ndi mwana. Mu mayeso a 2021, pafupifupi mwana mmodzi pa asanu aliwonse anaoneka kuti wasintha kwambiri atamwa mafuta opanda kanthu. N'chifukwa chake kafukufuku wopanda gulu loyerekezera amapereka ziwerengero zokongola kuposa wokhala nalo.

Komanso khalidwe lovuta limakwera ndi kutsika palokha. Banja limayesa chatsopano zinthu zikafika poipa, ndipo zikakhalako bwino pambuyo pake, ulemu umapita kwa mankhwala atsopanowo. Kuodzera nako kumasokoneza: mwana amene wafooka ndi tulo samenya munthu, koma zimenezi sizitanthauza kuti chimene chimamuvutitsa chatha. Pomaliza, mayeso ambiri akhala a anthu ochepa, a milungu yochepa, ndipo mafuta ake ndi osiyanasiyana, moti n'kovuta kuphatikiza zotsatira zake.

Malamulo

Ku United States, lamulo la dziko lonse la 1970 linaika chamba m'gulu la mankhwala oletsedwa kwambiri, zimene kwa zaka zambiri zinachititsa kuti kuchita kafukufuku kukhale kovuta. Koma chigawo chilichonse chimakhazikitsa mndandanda wake wa mavuto amene munthu angalandirire chamba. Pennsylvania inaika autism pa mndandanda wake mu 2016, Minnesota ndi Michigan mu 2018, ndipo Texas mu 2019. Bungwe la amayi la Mothers Advocating Medical Marijuana for Autism, limene linayambira ku Texas, ndi limodzi mwa magulu amene analimbikitsa kusinthaku.

Zimene zinachitika ku Colorado zikusonyeza kuti nkhaniyi ikugamulidwa ndi andale umboni usanakhwime. Mu 2018 aphungu anavomereza lamulo lowonjezera autism, koma bwanamkubwa John Hickenlooper anakana kulisaina ponena kuti umboni ndi wochepa. Amene anamulowa m'malo, Jared Polis, anasaina lamulo lofanana nalo pa 2 Epulo 2019, tsiku lokumbukira autism padziko lonse. Pakati pa zigamulo ziwirizi sipanatuluke mayeso aakulu alionse. Chimene chinasintha ndi munthu wokhala pampando. Ku Ohio, kumene bungwe la madokotala ndi limene limagamula, pempho lowonjezera autism lakanidwa kangapo kuyambira mu 2019.

Ku Britain, madokotala aukadaulo analoledwa kulembera odwala mankhwala a chamba kuyambira pa 1 Novembala 2018. Malangizo a bungwe la NICE a 2019 anakamba za khunyu lovuta, kukungika kwa minofu, ululu wosatha ndi nseru yobwera ndi mankhwala a khansa. Autism sinali m'gulumo. Pa 2 Disembala 2020, nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo inachotsa chamba m'gulu la mankhwala oopsa kwambiri la pangano la 1961, mayiko 27 atavomera ndipo 25 atakana. Chigamulochi chinazindikira kuti chamba chingakhale ndi ntchito kuchipatala, koma sichinanene matenda amene chingathandize.

Zoopsa

Mu Meyi 2019, bungwe la American Academy of Child and Adolescent Psychiatry linalangiza kuti ana ndi achinyamata a autism asapatsidwe chamba kapena mankhwala ochokera m'chamba chifukwa cha autism, popeza umboni ndi wosakwanira. Nkhawa yaikulu ili pa THC. Ubongo umapitiriza kukula mpaka munthu atapitirira zaka 20, ndipo kugwiritsa ntchito chamba champhamvu kawirikawiri paunyamata kumayendera limodzi ndi chiopsezo chokulirapo cha misala. Mwana wosalankhula sangathe kunena kuti akuona zachilendo kapena wagwidwa ndi mantha.

CBD nayo ili ndi zovuta zake. Imaodzeretsa, imatsegula m'mimba ndipo ingavulaze chiwindi, makamaka ikamwedwa pamodzi ndi valproate. Imawonjezeranso mphamvu ya clobazam m'thupi. Awiriwa ndi mankhwala a khunyu amene ana ena a autism amamwa kale.

Vuto lina ndi la zogulitsidwa pamsika. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu magazini ya JAMA mu 2017 anayeza zinthu 84 za CBD zogulidwa pa intaneti. Zosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu ndi zimene zinali ndi CBD yofanana ndi yolembedwa pabotolo, ndipo mu 18 munapezeka THC.

Maganizo a magulu osiyanasiyana

Makolo amene amafuna chamba amanena kuti mankhwala ovomerezeka nawonso ali ndi zoopsa zodziwika, ndipo mwana amene akudzivulaza lero sangadikire zaka zambiri kuti kafukufuku athe. Madokotala ambiri amayankha kuti mbiri ya autism ili ndi mankhwala amene anatchuka kenako n'kupezeka kuti sathandiza. Chitsanzo ndi secretin, imene makolo anaithamangira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma mayeso okhala ndi placebo sanapeze phindu lake.

Akuluakulu a autism amene amadzilankhulira okha amabweretsa mfundo ina. Ena amagwiritsa ntchito chamba mwa kufuna kwawo pochepetsa nkhawa kapena kuti apeze tulo, ndipo amafuna kuti ufulu umenewu ulemekezedwe. Koma amasiyanitsa zimenezi ndi kupatsa mwana mankhwala kuti angokhala phee. Iwo amati khalidwe lovuta nthawi zambiri limakhala njira yonenera kuti penapake pakupweteka, monga dzino, khutu kapena m'mimba, kapena kuti phokoso lachuluka, ndipo zimenezi ndi zoyenera kufufuzidwa poyamba.

Kum'mwera kwa Africa

Lesotho inayamba kupereka zilolezo zolima chamba cha mankhwala mu 2017, ndipo Zimbabwe inatsatira mu 2018. Ku Malawi, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act mu Febuluwale 2020, lolola kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chilolezo cha Cannabis Regulatory Authority. Malamulo amenewa anakhazikitsidwa makamaka pofuna kutukula ulimi ndi malonda akunja. Chamba chosuta, monga chimene kunja chimadziwika kuti Malawi Gold, chimatchuka chifukwa cha THC yake, choncho n'chosiyana kwambiri ndi mafuta ochuluka CBD amene anayesedwa ku Israel pansi pa uyang'aniro wa madokotala. Zotsatira za mayeso amenewo sizikhudza chamba choterechi, kaya chosuta, chowiritsa kapena chosakaniza m'chakudya.