Tintin wavala chikuto chatsopano, nanga uthenga wake?

Amene anakula akuwerenga mabuku a nthano za zithunzi, aja timati makomiki, amakumbukira mmene buku limodzi linkazungulira kalasi yonse mpaka chikuto kuthothoka. Makampani osindikiza mabuku a ku Ulaya ndi ku America akudziwa kuti ana aja lero ndi makolo a ndalama zawo. N'chifukwa chake akusindikizanso makomiki akale.

Ndipo ntchitoyi akuigwira mwaluso. Makomiki ambiri akale ankasindikizidwa pa pepala lotsika mtengo ngati la nyuzipepala, lomwe likakhalitsa limafiira n'kumafumbutuka. Atsopanowa pepala lake n'lolimba, mizere ya zithunzi ndi yooneka bwino, mitundu yake akuikonza pa kompyuta. Enieni akalewo n'ngosagulika: buku la Action Comics loyamba, momwe Superman anaonekera koyamba mu 1938, linkagulitsidwa masenti 10, koma mu April 2024 limodzi linagulidwa pa madola 6 miliyoni.

Komabe kukongola kwa pepala sikutsuka zimene zinalembedwamo. Chitsanzo ndi Tintin in the Congo, buku lomwe Hergé wa ku Belgium anajambula mu 1930 ndi 1931, dziko la Congo lili m'manja mwa dziko lake. M'bukumo anthu akuda ali ndi milomo ikuluikulu, ndi aulesi komanso oganiza ngati ana, pamene mzungu ndiye wodziwa zonse.

Mu 1946 Hergé analijambulanso n'kuikamo mitundu. Pamene Tintin ankaphunzitsa ana a ku Congo kuti dziko lawo ndi Belgium, anasintha n'kuikapo phunziro la masamu. Koma nkhope zija zinatsala.

Mu 2007 mzika ya ku Congo, Bienvenu Mbutu Mondondo, inakadandaula ku Belgium kuti bukuli liletsedwe. Khoti linakana mu 2012, ponena kuti Hergé sanalembe ndi cholinga chodzetsa tsankho. Kenako mu 2023 bukuli linatulukanso lili ndi mitundu yatsopano, chikuto china chosonyeza Tintin ndi mkango, komanso mawu oyamba ofotokoza nyengo ya atsamunda.

Kuletsa bukuli sikungathandize, chifukwa ndi umboni wa mmene atsamunda ankationera. Vuto n'lakuti mawu oyamba amawerenga ndi akuluakulu, pamene mwana amathamangira zithunzi. Ndipo chithunzi chikamaoneka bwino, m'pamenenso chimakhazikika m'mutu.

Kuno mabuku ambiri a ana amafika ngati kaunjika, n'kuyalidwa pansi mumsika popanda wochenjeza. Choncho inu makolo, mukapeza komiki yomwe inkakusangalatsani muli ana, gulani ndithu. Koma yambani mwaiwerenganso nokha, chifukwa maso a lero aona zimene maso a ubwana sanaone. Mukatero khalani pansi ndi mwanayo, mumufunse kuti munthu wakuda amujambula bwanji, ndipo anamujambula ndani.