Inshuwalansi ya njinga ilembedwe m'chinenero cha mwini njinga

Abale anga a ku Malawi, Chipata, Tete ndi kuno ku Harare, ndabwera ndi dandaulo. Ku Mufakose, Mbare ndi Highfield, khomo limodzi limatha kukhala ndi njinga zitatu: ya bambo yopitira kuntchito, ya mayi yokapikulira ndiwo ku Mbare Musika, ndi ya mwana wasukulu. Imodzi ikabedwa, nsima imachepa pakhomo.

Tsono akuti tizilipira inshuwalansi. Sitikukana, koma pepala lake ndi la Chingerezi chokhachokha, ndipo msampha umabisala m'timalemba ting'onoting'ono. Kodi njinga yobedwa kumsika, osati pakhomo, adzalipira? Kodi nambala ya felemu ya njinga iliyonse yalembedwa? Nanga chipukuta misozi chidzabwera m'madola a ku America kapena mu ZiG, ndalama yomwe inayamba mu Epulo 2024?

Asatinene kuti ndife amantha. Mu 2008 kukwera kwa mitengo kunadya mapenshoni ndi inshuwalansi za makolo athu, mpaka mu 2015 boma linakhazikitsa komiti ya Justice George Smith kuti ifufuze. Mabungwe a maliro omwe agogo athu ochokera ku Nyasaland anayambitsa tinkawakhulupirira chifukwa wosonkha aliyense ankamva malamulo ake.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amazindikira Chichewa pakati pa zinenero 16. Choncho bungwe la IPEC, loyang'anira inshuwalansi, liumirize makampani kumasulira mapepala awo. Kufikira tsiku limenelo, musasaine musanayankhidwe mafunso atatuwo momveka.